KHOMO LA CHIPATALA NDI LA ALIYENSE

Chipatala cha Nkhunga chimalandira anthu a mitundu yambiri. Pali asodzi ochokera m'madooko a m'mbali mwa nyanja, amene amachezera pa madzi kusaka usipa ndi utaka. Pali odula nzimbe ndi antchito ena a ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga yakhala ikukoka anthu a m'maboma onse kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Pali alimi a mpunga ndi chinangwa a m'dera la Mfumu Kanyenda, amalonda a pa msika, ndi oyendetsa magalimoto a pa mseu wa M5. Ena ndi Akhristu, ena ndi Asilamu. Ena amalankhula Chicheŵa, ena Chitonga, ena Chiyao. Onseŵa amakhala pa benchi imodzi kudikira dokotala mmodzi, ndipo palibe amene amafunsidwa mtundu wake asanalandire mankhwala.

Komabe alipo anthu ena amene benchi imeneyi amaiopa kuposa matenda amene ali nawo. Aŵa ndi amuna amene mtima wawo umakonda amuna anzawo, ndiponso akazi amene mtima wawo umakonda akazi anzawo. Anthu otere akadwala amayamba adzifunsa kuti: Kodi ndikanena zoona kwa adokotala, sandiitanira apolisi? Kodi anamwino sakandiseka pamaso pa anthu? Kodi nkhani yanga sikafika kumudzi ine ndisanafike? Chifukwa cha mantha ameneŵa ambiri amangokhala kunyumba, kapena amagula mapiritsi pa golosale, kufikira matenda atakula.

Nkhani imeneyi ndi yovuta kuikamba, ndipo tikudziŵa kuti aŵerengi ambiri ali ndi maganizo olimba ochokera ku chipembedzo ndi ku miyambo ya makolo. Sitikufuna kulamula munthu chimene ayenera kukhulupirira. Tikufuna kufotokoza bwino lomwe zimene malamulo a dziko la Malaŵi amaletsa, zimene amateteza, ndi pamene ali chete, kuti wodwala, womudwazika ndi wogwira ntchito m'chipatala aliyense adziŵe pamene waima. Mfundo yaikulu ndi iyi: ngakhale ulipo mchitidwe umene lamulo limaletsa, palibe lamulo limene limalola kuti munthu abwezedwe pa khomo la chipatala, amenyedwe, kapena chinsinsi cha matenda ake chifalitsidwe.

KODI TIKUNENA ZA ANTHU OTANI?

Anthu ameneŵa amapezeka m'maiko onse ndi m'mitundu yonse, m'tauni ndi m'midzi momwe. Ena ndi ana athu, abale athu kapena anzathu a pa ntchito, ndipo ambiri sitiwadziŵa chifukwa amabisa. Ena anamanga banja monga mwa mwambo, ali ndi ana, ndipo amasenza chinsinsi chawo moyo wawo wonse.

Kale madokotala ankaŵerengera khalidwe limeneli m'gulu la matenda a maganizo. Atafufuza kwa zaka zambiri anaona kuti sizinali choncho, ndipo pa 17 Meyi 1990 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalichotsa pa mndandanda wa matenda. Motero kuchipatala kulibe jakisoni kapena piritsi losinthira mtima wa munthu. Kumumenya, kumutemera mphini, kumutsekera m'nyumba kapena kumukakamiza banja sikumusintha. Kumangomuonjezera nkhaŵa ndi chisoni, ndipo ena amafika podzipha.

Tisasokonezenso nkhani ino ndi kugwirira. Pano tikunena za anthu aakulu. Aliyense wogona ndi mwana wosakwana zaka 18, kaya mnyamata kaya mtsikana, ndiponso aliyense wokakamiza mnzake, wapalamula mlandu waukulu. Woteroyo akanenedwe ku polisi msanga, ndipo wolakwiridwayo apititsidwe kuchipatala tsiku lomwelo.

ZIMENE LAMULO LIMALETSA

Buku la malamulo a milandu lotchedwa Penal Code linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1930, dziko lino likadali Nyasaland pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Malamulo ofanana nawo Angerezi anawasiyanso m'maiko ena amene ankalamulira, monga Zambia, Tanzania, Kenya ndi Uganda. Titalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, malamuloŵa anatsala m'buku.

Gawo 153 la bukuli limaletsa kugonana kumene limakutcha kosemphana ndi chilengedwe, ndipo chilango chake chingathe kufika zaka 14 m'ndende. Gawo 154 likunena za kuyesa kuchita zimenezo, ndipo chilango chake chingafike zaka 7. Gawo 156 limaletsa mchitidwe wosayenera pakati pa amuna okhaokha, ndipo chilango chake chingafike zaka 5. Mu Disembala 2010 Nyumba ya Malamulo inaonjezera gawo 137A lokhudza akazi okhaokha, lokhalanso ndi chilango cha zaka 5, ndipo mtsogoleri wa dziko analisayina mu Januwale 2011. Lamulo la maukwati la 2015 nalonso limati ukwati ndi wa pakati pa mwamuna ndi mkazi.

Pamenepa pali mfundo ziŵiri zofunika kuzigwiritsa. Yoyamba ndi yakuti magawo ameneŵa akunena za zochita. Kayendedwe ka munthu, kamvekedwe ka mau ake, kuchedwa kwake kukwatira, kapena mphekesera za pa chitsime si mlandu. Yachiŵiri ndi yakuti amene angagamule kuti munthu ndi wolakwa ndi bwalo la milandu lokha, litamva umboni. Mnansi, mwini nyumba, kapitawo, namwino kapena gulu la anyamata a pa msika alibe mphamvu imeneyi.

MMENE NKHANIYI YAYENDERA M'DZIKO MUNO

Mu Disembala 2009 anthu aŵiri anamangidwa mu mzinda wa Blantyre atachita chinkhoswe poyera. Mu Meyi 2010 bwalo la majisitireti linawalamula kukakhala m'ndende zaka 14. Pa 29 Meyi chaka chomwecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, atakumana ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, a Ban Ki-moon. Lamulo lenilenilo silinasinthe.

Mu Novembala 2012, m'nthaŵi ya Pulezidenti Joyce Banda, nduna ya za chilungamo inalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milandu imeneyi. Mu Disembala 2015 nduna ya za chilungamo ya nthaŵi imeneyo, a Samuel Tembenu, inabwereza mau omwewo. Koma mu Febuluwale 2016 Bwalo Lalikulu la Milandu ku Mzuzu linaimitsa ganizo limeneli, abusa ena atakadandaula kuti nduna singaimitse lamulo limene aphungu sanalichotse.

Pambuyo pake anthu aŵiri anapempha bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko kuti ligamule ngati magawo 153, 154 ndi 156 akugwirizana ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu. Mlanduwu uli mkati, mu Julayi 2023, atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera maulendo a pa mseu m'mizinda yathu potsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu, atakhala ku Blantyre, anakana pempho la anthu aŵiri aja, nanena kuti kusintha malamulo ameneŵa ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Chigamulo chimenechi chinasiya magawo aja m'buku monga analili.

Tonse tidziŵe tsono kuti chigamulochi chinali chokhudza magawo atatu a malamulo a milandu. Sichinapatse munthu aliyense chilolezo chozunza mnzake, ndipo sichinatseke khomo la chipatala kwa wina aliyense.

ZIMENE MALAMULO OYENDETSERA DZIKO AMATETEZA

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, ndiwo ali pamwamba pa malamulo ena onse. Gawo 16 limateteza moyo wa munthu aliyense. Gawo 19 limati ulemu wa munthu ndi wosayenera kuphwanyidwa, ndipo limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira nkhanza zomuchotsera umunthu. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu. Gawo 42 limati womangidwa auzidwe chifukwa chimene wamangidwira, aloledwe kuonana ndi loya, akaonekere ku bwalo la milandu pasanathe maola 48, ndipo aŵerengedwe wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Magawo onseŵa akunena za munthu aliyense. Sanapatule gulu lina lililonse.

Gawo 20 ndilo lokamba za tsankho. Limaletsa kusankha munthu chifukwa cha mtundu wake, khungu lake, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, kumene anachokera, kulumala, chuma, kubadwa, kapena mmene alili m'njira ina iliyonse. Mukaŵerenga mndandanda umenewu muona kuti nkhani ya amene munthu amamukonda sinatchulidwe ndi dzina. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu amati mau omaliza aja akukwanira kuteteza anthu ameneŵa, pamene ena amatsutsa. Apa ndi pamene lamulo lathu lili ndi mpata, ndipo kunena zoona, mpata umenewu ndiwo umachititsa anthu ambiri olakwiridwa kuopa kukadandaula.

Chimodzimodzinso lamulo la za ntchito la chaka cha 2000. Limaletsa tsankho pa ntchito, koma nkhani ino silinaitchule ndi dzina. Ngakhale zili choncho, lamuloli limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake ka ntchito, khalidwe lake pa ntchitopo, kapena zosoŵa za kampani, ndiponso apatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumuneneza. Wantchito wa m'munda, wa m'sitolo kapena wa m'nyumba amene wachotsedwa chifukwa cha mphekesera chabe angathe kukadandaula ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake.

Kumbukiraninso kuti buku lomwe lija la Penal Code limalanga womenya mnzake, woopseza kupha, wotentha nyumba, woononga katundu, ndi wolanda ndalama poopseza kuti aulula chinsinsi. Mlandu wa womenya suchepa chifukwa cha zimene womenyedwayo akumuganizira. Gulu likamenya munthu, aliyense amene anaponya mwala ali ndi mlandu wake.

MALAMULO A M'CHIPATALA

Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la chaka cha 2013, lili ndi gawo lokhudza ogwira ntchito za umoyo. Limawalamula kulemekeza munthu aliyense wofuna chithandizo pa za uchembere ndi matenda a kumalo obisika, ndi kumuthandiza mopanda tsankho. Wophwanya gawo limeneli angathe kuimbidwa mlandu.

Lamulo la za HIV ndi Edzi, limene aphungu anavomereza mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kusala munthu chifukwa ali ndi kachirombo kapena akumuganizira kuti ali nako. Limaletsanso kuulula zotsatira za magazi a munthu popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Chitetezo chimenechi ndi cha aliyense woyezetsa, mosayang'ana njira imene anatengera kachiromboko.

Madokotala amayang'aniridwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi, ndipo anamwino ndi azamba amayang'aniridwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Mabungwe onse aŵiri amafuna kuti wogwira ntchito asunge chinsinsi cha wodwala ndi kumuthandiza mosakondera, ndipo ali ndi mphamvu yolanga wophwanya malangizoŵa, ngakhale kumulanda chiphaso chogwirira ntchito. Dokotala ali ndi ufulu wokhala ndi chikhulupiriro chake monga munthu wina aliyense. Koma akavala malaya oyera ntchito yake ndi kupima ndi kuchiza. Chipatala chimamanga mabala a wakuba amene wagwidwa ndi a mkaidi wochokera ku ndende, ndipo palibe amene amati potero chavomereza kuba. Momwemonso kuchiza munthu amene khalidwe lake simugwirizana nalo sindiko kuvomereza khalidwelo.

Mapulani a boma olimbana ndi HIV ndi Edzi, a zaka za 2015 mpaka 2020 ndi a 2020 mpaka 2025, anatchula poyera amuna ogonana ndi amuna anzawo monga limodzi mwa magulu oyenera kufikiridwa ndi uphungu, kuyezetsa magazi, makondomu ndi mankhwala. Choncho wa zaumoyo amene akuthandiza anthu otere akutsata ndondomeko ya boma.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI IKUKHUDZA UMOYO WA TONSE

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malaŵi anadziŵika mu 1985. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba kumwa mankhwala nthaŵi yomweyo. Kalembera wa zaka za 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kapena kuposerapo, pafupifupi 9 anali ndi kachirombo ka HIV. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anapeza kuti mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo amene anayezedwa m'dziko muno, pafupifupi 21 mwa 100 alionse anali ndi kachiromboka. Ofufuza anapezanso kuti ambiri mwa amuna ameneŵa anali ndi akazi kunyumba kapena zibwenzi zachikazi, ndi kuti ena ankaopa kupita kuchipatala.

Tiyerekeze kuti mnyamata wina wodula nzimbe watuluka zilonda ku njira ya chimbudzi. Akudziŵa kumene zachokera, koma akafika kwa adokotala akungoti, "Adokotala, mutu ukundiŵaŵa ndipo thupi likuphwanya." Adokotala akumupima malungo, akumupatsa panado, iye nabwerera kwawo ndi matenda ake. Patapita miyezi chindoko chija chaloŵa m'magazi. Ngati ali pa banja wapatsira mkazi wake, ndipo ngati mkaziyo ali woyembekezera, mwana angathe kubadwa wakufa kapena wodwala. Zilonda zotere zimatsegulanso njira yoti kachirombo ka HIV kaloŵe mosavuta. Matenda amene akanatha ndi jakisoni wa penisilini afika pokhudza anthu atatu, ndipo chiyambi chake ndi mantha a munthu mmodzi. Paja akuluakulu amati wobisa matenda maliro amamuulula.

Tiyerekezenso kuti mnyamata yemweyo wapeza namwino amene watseka chitseko, namuuza kuti, "Achimwene, khalani pansi. Zimene mundiuze pano zithera m'chipinda muno. Ndiuzeni pamene pakuvuta kuti ndikupatseni mankhwala oyenera." Mnyamatayo akunena zoona, akulandira mankhwala, akuyezetsa magazi, ndipo akulangizidwa kubweretsa amene anagona nawo kuti nawonso achizidwe. Akapezeka ndi kachirombo akuyamba ma ARV. Madokotala atsimikiza kuti munthu womwa ma ARV mokhulupirika, kufikira kachirombo kataleka kuoneka m'magazi, sapatsira mnzake kachiromboko pogonana. Apa amene wapulumuka si mnyamata yekhayo, koma banja lake ndi mudzi wonse.

Dera ngati la Nkhunga, kumene anthu amabwera m'nyengo yodula nzimbe ndi kubwerera kwawo, kumenenso asodzi amasamuka kutsata nsomba, matenda opatsirana pogonana amayenda mofulumira. Munthu mmodzi wothaŵa chipatala kuno angathe kukadwalitsa anthu ku Kasungu, ku Nkhata Bay kapena ku Salima. Mabungwe ena akhala akuthandiza magulu otere pa malo awoawo, koma mu 2025 boma la America linachepetsa thandizo lake ku maiko ambiri, ndipo ntchito zambiri za mabungwe zinasokonekera. Chifukwa cha ichi chipatala cha boma ndi chofunika kwambiri kwa anthu ameneŵa kuposa kale.

MALANGIZO KWA WODWALA ALIYENSE

1. Mukaona chilonda, chotupa, mafinya kapena kuyabwa kumaliseche, ku njira ya chimbudzi kapena kukhosi, pitani kuchipatala msanga. Musadikire kuti zithe zokha, pakuti chilonda cha chindoko chimapola chokha pamene matenda akupitirira m'thupi.

2. Auzeni adokotala malo enieni amene akuvuta. Mankhwala oyenera amachokera pa mau oona. Muli ndi ufulu wopempha kuti mukambe nawo pa aŵiri, popanda wina womvetsera.

3. Malizani mankhwala onse ngakhale mwayamba kupeza bwino, ndipo musagaŵane ndi mnzanu.

4. Gwiritsani ntchito kondomu nthaŵi zonse. Pofeŵetsa kondomu musagwiritse ntchito mafuta ophikira kapena odzola, chifukwa amaifooketsa ndipo imang'ambika. Funsani mafuta ake oyenera kuchipatala.

5. Ngati mwagwiriridwa kapena kondomu yang'ambika, fikani kuchipatala pasanathe maola 72. Alipo mankhwala otchedwa PEP, omwa masiku 28, amene amateteza kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi. Thandizo limeneli ndi la amuna ndi akazi omwe.

6. Ngati mulibe kachirombo koma mukuona kuti mungakatenge mosavuta, funsani za mankhwala oteteza otchedwa PrEP.

MAIKO OYANDIKANA NAFE AKUTANI?

Aŵerengi ambiri ali ndi abale ku South Africa ndi ku Mozambique, choncho nkofunika kudziŵa kuti malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 amatchula nkhani imeneyi ndi dzina pa mndandanda wa zinthu zimene munthu sayenera kusankhidwa nazo, ndipo kuyambira 2006 maukwati otere ndi ololedwa kumeneko. Dziko la Mozambique, limene tili nalo malire pa nyanja yomwe ino, linaletsa tsankho lotere pa ntchito mu 2007, ndipo mu 2015 linachotsa mlanduwu m'buku lake la milandu. Ku Botswana Bwalo Lalikulu linathetsa mlanduwu mu 2019, ndipo bwalo la apilo linavomereza chigamulocho mu 2021. Angola inachita chimodzimodzi ndi buku lake latsopano la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 2021. Koma ku Zambia ndi ku Tanzania ukadali mlandu, ndipo dziko la Uganda linakhwimitsa zilango mu 2023.

Ngakhale maiko akusiyana chotere, pali chinthu chimodzi chimene bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa linagwirizana. Pa msonkhano wake wa ku Luanda m'dziko la Angola mu 2014, linapempha maiko onse a mu Africa kuti athetse nkhanza zochitira anthu chifukwa cha nkhani imeneyi, ndi kuti ochita nkhanzazo azengedwe milandu. Kufunika kwa pempholi kwathu kuno kunaoneka mu 2018, pamene bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za Amalaŵi amene anamenyedwa, kuthamangitsidwa pa nyumba, kapena kunyozedwa pofuna chithandizo cha mankhwala.

MUKALAKWIRIDWA MUPITE KUTI?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu amene wakanizidwa mankhwala, wanyozedwa, kapena chinsinsi chake chaululidwa, ayambe waonana ndi mkulu woyang'anira chipatalacho. Kuyambira mu 2018, Unduna wa za Umoyo mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman unakhazikitsa anthu omva madandaulo a odwala m'zipatala za boma. Funsani kuti womva madandauloyo ndani, kapena kafikeni ku ofesi ya mkulu wa za umoyo pa chipatala chachikulu cha pa boma la Nkhotakota. Sungani buku lanu la kuchipatala, ndipo lembani tsiku, nthaŵi ndi zimene zinanenedwa, kuti dandaulo lanu likhale ndi mutu. Podandaula simukakamizidwa kufotokoza za moyo wanu wonse. Nkhani ndi yakuti munadwala ndipo simunathandizidwe moyenera.

Munthu amene wamenyedwa ayambe wapita kuchipatala kuti mabala ake aonedwe ndi kulembedwa, kenaka akanene ku polisi. Pa polisi pali ofesi yothandiza ozunzidwa yotchedwa Victim Support Unit. Ndi bwino kupita ndi mbale kapena mnzanu womukhulupirira. Ngati wolakwa ndi wapolisi, lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo otere, lotchedwa Independent Complaints Commission. Wosoŵa ndalama zolipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Bungwe la boma la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo a munthu aliyense amene ufulu wake waphwanyidwa. Aliponso mabungwe omwe si a boma, monga Centre for the Development of People, limene linayamba mu 2005, ndi Centre for Human Rights and Rehabilitation, amene akhala akuthandiza anthu pa nkhani zotere.

UDINDO WA MAKOLO, MAFUMU NDI ANANSI

Lamulo lolembedwa m'buku silingathe kulondera munthu usiku. Chitetezo chenicheni chimayambira pa khomo ndi pa bwalo la mfumu. Kholo limene lamva nkhani yotere ya mwana wake limamva kuŵaŵa mtima, ndipo ena amafulumira kumuthamangitsa. Koma mwana wothamangitsidwa amakagona m'malo oipa, amaleka sukulu, amasiya kumwa mankhwala, ndipo ena sabweranso. Khalani pansi, ugwireni mtima, ndipo ngati zikukuvutani kambiranani ndi aphungu a kuchipatala. Mwana wanu akadali mwana wanu.

Mafumu ndi a komiti ya chipatala ali ndi udindo woletsa chipwirikiti chisanayambe. Mphekesera ikabuka m'mudzi, mfumu yanzeru imakumbutsa anthu ake kuti kumenya ndi kutentha nyumba ndi milandu, ndi kuti woweruza ali ku bwalo la milandu. Atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, amene amayendera odwala tsiku ndi tsiku, angathe kuphunzitsa chikhulupiriro chawo ndi kulimbikitsanso kuti wodwala aliyense apite kuchipatala.

Ndipo inu amene mwakhala pa benchi kudikira adokotala, musafunse mnzanu chimene wabwerera, musasuzumire m'buku lake, ndipo zimene mwaona kuchipatala musakazikambe pa chitsime kapena pa dooko. Lero chinsinsi chimene chikusungidwa ndi cha mnzanu, maŵa chidzakhala chanu kapena cha mwana wanu. Paja mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Za kusintha kapena kusasintha malamulo a milandu adzakamba ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Za kuchiza wodwala malamulo ananena kale: aliyense wodwala abwere, apimidwe, alandire mankhwala, ndipo abwerere kwawo ndi ulemu wake.